Koyambira pofuna chithandizo cha agogo ku Mangochi

M'boma la Mangochi, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, muli makomo ambiri amene mutu wa banja ndi agogo, chifukwa ana awo ena ali ku Joni, ena amatha miyezi ali ku madoko a usodzi, ndipo ena anamwalira n'kusiya zidzukulu. Malinga ndi ndondomeko ya boma ya 2016, munthu wokalamba ndi amene wakwanitsa zaka 60, koma amene ndikuwaganizira kwambiri pano ndi aja amene khasu lawakanika, maso achita chidima, ndipo ulendo wa ku mjigo wasanduka wautali. Chithandizo cha anthu otere chilipo ndithu, ku chipatala, ku maofesi a pa boma, ku mzikiti, ku tchalitchi ndi m'mudzi momwemo, koma n'chomwazika, ndipo nkhalamba imene yangokhala pakhonde kawirikawiri sichiyipeza. Chimafika pakhomo pamene pali munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, amene wasunga mapepala a agogowo ndipo akudziwa koyambira ndi kotsatira.

Choyamba, banja likhale pansi. Kuno kwathu, kumene mabanja ambiri amatsata mwambo wa chikamwini, woitanitsa msonkhanowu ndi mwinimbumba, ndipo ana amene ali kunja aimbiridwe pa WhatsApp kuti amve zonse ndi makutu awo. Agogo eni ake akhalepo, ndipo ayambe ndiwo kufunsidwa: "Anganga, chikukuvutani kwambiri n'chiyani, nanga mukufuna muzikhala ndi yani?" Mabanja ambiri amalakwitsa pomwepa, pogwirizana zosamutsira mayi wawo ku tauni osawafunsa, pamene mtima wa mayiyo uli pa munda wawo, pa anzawo opemphera nawo ndi pa manda a abale awo. Msonkhano usathe musanatchule mayina awiri, la wosamalira wa tsiku ndi tsiku ndi la womulandira iyeyo akadwala kapena akachokapo. Mawu akuti "tonse tizithandizana" amakoma m'khutu, koma tsiku lopita ku chipatala likafika aliyense amayesa kuti mnzake ndiye apite.

Pa msonkhano womwewo mugwirizanenso za ndalama. Amene amatumiza kudzera ku Mukuru, Airtel Money kapena TNM Mpamba anene poyera kuti azitumiza zingati, liti ndiponso kwa yani, ndipo wolandirayo akhale ndi kope lolembamo zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Kope limeneli limateteza wosamalira yemweyo tsiku limene m'bale wochokera kutali adzafunse kuti ndalama zake zinagwira ntchito yanji.

Chachiwiri, sonkhanitsani mapepala. Chiphaso cha unzika, chimene bungwe la boma lolembetsa nzika la NRB linalembera anthu m'dziko lonse mu 2017, ndicho chimafunsidwa pafupifupi paliponse, polembetsa nambala ya foni, polandira thandizo la boma ngakhalenso ku banki. Ngati chinatayika, monga zinachitikira mabanja ena a m'mbali mwa nyanja madzi atalowa m'nyumba mu 2024, yambani mwatenga kalata ku polisi kenaka mupite ku ofesi ya NRB pa boma, ndipo musadikire kuti mumve za kalembera wa thandizo ndi pamene muyambe kuthamanga. Buku la ku chipatala likhale limodzi, osati atatu ogulidwa m'malo osiyanasiyana, chifukwa m'menemo ndi momwe dokotala amaona mankhwala amene munthu anamwapo kale ndi mmene thupi linawalandirira. Zonsezi zikulungidwe m'pepala la pulasitiki, ngakhale la shuga lija lotsukidwa bwino, ziikidwe m'chitini chotseka pamalo okwera pomwe chiswe ndi madzi sizifika, ndipo zijambulidwe pa foni n'kutumizidwa kwa m'bale wina. Nambala ya foni yolandirira ndalama ilembetsedwe m'dzina la agogo eni ake, ndipo nambala yachinsinsi isadziwike kwa mdzukulu aliyense wobwereka foniyo.

Chachitatu ndi chipatala, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa zambiri zimene timangoti "ndi ukalamba basi" ndi matenda ochizika. Munthu woyamba kumuona ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene ambiri timangoti HSA. Iyeyu amadziwa masiku a sikelo ndi a kiliniki zoyendera m'midzi, amadziwa odzipereka osamalira odwala kunyumba, ndipo ndi amene angakuuzeni tsiku limene a maso kapena olimbitsa ziwalo akubwera ku chipatala chapafupi. Kuchokera kwa iye mupite ku chipatala chaching'ono cha boma, monga cha Namwera, Lungwena, Chilipa kapena Makanjira, kumene chithandizo n'chaulere, ndipo iwo akaona kuti vutolo lawakulira adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Mangochi, chimene nachonso chimatumiza odwala ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, monga St Martin's ku Malindi, n'zolipiritsa, ndipo mgwirizano wa chithandizo chaulere umene zina zili nawo ndi boma kawirikawiri umakhudza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, choncho funsani mtengo musanagoneke wodwala. Kwa a ku Makanjira, kumene n'kutali pafupifupi makilomita 100 kuchokera pa boma ndipo msewu umavuta nthawi ya dzinja, nzeru ndi kukapimitsa agogo ndi kupempha mankhwala okwanira mvula isanayambe.

Mukafika, musangonena kuti "akudandaula thupi lonse". Pemphani kuti awayeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Muyezo ukamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira apo maulendo angapo, agogowo ayenera kulembedwa ku kiliniki ya matenda okhalitsa, ndipo mankhwala ake samasiyidwa chifukwa choti mutu waleka kupweteka. Kuwasiya kungabweretse sitiroko. Mukaona pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu sakumveka, nyamukani nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Agogo aamuna amene akuvutika kukodza, agogo aakazi amene anasiya kale kusamba koma ayambanso kutaya magazi, ndiponso aliyense amene wakhosomola kupitirira milungu iwiri, onsewa aonedwe ndi dokotala, ndipo wosamalira asachite manyazi kutchula zinthu zimenezi, kapena apemphe namwino kuti akambe ndi agogowo paokha. Amene ali pa ma ARV asadumphe tsiku lokatenga mankhwala, ndipo funsani ngati n'kotheka kuti wosamalira azikawatengera masiku amene iwo sakufunika kupimidwa.

Maso ndiwo amandikhudza koposa. Nkhalamba zambiri zimene zimatsogoleredwa ndi ndodo ndi mdzukulu zili ndi ng'ala, matenda amene amachizika ndi opaleshoni yaifupi ya diso limodzi pa nthawi, ndipo ambiri amayamba kuona tsiku lotsatira akangochotsa bandeji. Pemphani kuti awaone a maso ku chipatala cha boma, ndipo musalole kuti wina awadonthezere madzi a zitsamba m'maso, chifukwa zimenezo zimaononga diso limene likanachira. Agogo akayambanso kuona, mdzukulu uja amabwerera ku sukulu.

Mabanja a Chisilamu akumbukirenso kuti agogo odwala shuga kapena omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku ayenera kukambirana ndi dokotala komanso ndi a shehe mwezi wa Ramadani usanafike. Chipembedzo chimalola wodwala matenda okhalitsa ndi wokalamba kwambiri kusamanga swaumu (kusala kudya) n'kupereka fidiya, yomwe ndi kudyetsa wosauka, m'malo mwake, koma agogo ambiri amamva bwino mawu amenewa akachokera kwa a shehe kusiyana ndi kwa mwana wawo.

Chachinayi ndi thandizo la boma la ndalama ndi chakudya. Mtukula Pakhomo inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse, koma munthu salowamo chifukwa cha zaka zokha. Njira imene yakhala ikutsatidwa ndi yosankha makomo osaukitsitsa amene alibe munthu wa zaka za pakati pa 19 ndi 64 wotha kugwira ntchito, kapena amene munthu mmodzi wamphamvu akusamalira anthu oposa atatu, ndipo makomo osankhidwa amakhala pafupifupi 10 pa 100 alionse. Ndiye kuti khomo la agogo olera ana amasiye ndi loyenera kuganiziridwa, ngakhale si onse oyenera amene amapeza malo. Mayina amachokera mu kaundula wa boma wa makomo wotchedwa UBR, amene amalembedwa poyendera makomo, kotero chofunika kwambiri n'chakuti khomo la agogo likhale m'kaundulayo ndipo zolembedwazo zikhale zoona. Olemba akamafika wosamalira akhalepo, chifukwa agogo ena mwa ulemu kapena manyazi amayankha kuti amadya katatu pa tsiku pamene m'nyumba mulibe ufa. Funsani a mfumu ndi a komiti ya chitukuko ya VDC za nthawi ya kalembera, ndipo ngati mukuona kuti khomo linadumphidwa, kadandauleni ku komiti yomva madandaulo ya m'dera lanu, ikalephera mupite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma mutatenga chiphaso ndi buku la ku chipatala. Agogo amene sangathe kuyenda alembetse munthu wowalandirira m'malo mwawo, ndipo munthuyo asankhidwe ndi iwo eni. Kulembedwa n'kwaulere, aliyense wopempha kangachepe, kapena wouza agogo kuti agawane naye ndalamazo, akuba, ndipo nkhani yake ikafike kwa akuluakulu a pa boma kapena ku polisi.

Chimanga cha nthawi ya njala, chimene chimagawidwa kudzera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi ku khonsolo makamaka pakati pa December ndi March, nachonso chimadutsa m'makomiti a m'mudzi omwewa. Thumba la makilogalamu 50 nkhalamba singalisenze, ndipo pa malo ogawira ndi pamene ambiri amaberedwa ndi onyamula, choncho tumizani munthu wanu.

Chachisanu, lankhulani ndi a ku mzikiti kapena a ku tchalitchi, ndipo nenani chinthu chenicheni chimene mukupempha. Zakati ndi sadaka zinaikidwira osauka ndi osowa, ndipo a shehe kapena komiti ya mzikiti ndi amene amadziwa njira yofikira kwa opereka. Amayi a Dawa, a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi akhristu a m'miphakati ya Katolika ali ndi chizolowezi choyendera odwala, koma amathandiza bwino akauzidwa kuti chosowa ndi udzu wofolerera nyumba mvula isanagwe, kapena munthu wokhala ndi agogo Lachitatu lililonse pamene wosamalira wapita ku msika. Magulu a achinyamata ndi mabungwe a m'mudzi a CBO angathe kulima munda, kukumba chimbudzi ndi kutola nkhuni. Kumene kuli gulu la okalamba, agogo amene akadali ndi mphamvu alowemo, chifukwa kusungulumwa kumafooketsa munthu msanga, ndipo magulu otere ndi amene amalumikizana ndi MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oyankhulira okalamba m'dziko muno.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chisamaliro cha pakhomo, makamaka agogo akafika pogona. Pemphani ku chipatala cha boma kuti awalembe kwa opereka chithandizo chochepetsa ululu, amene ali ndi mankhwala amphamvu monga morphine wamadzi kwa odwala khansa ndi matenda ena osachiritsika. Palibe chifukwa choti munthu azibuula usiku wonse. Za njinga ya olumala ndi ndodo zoyendera funsani olimbitsa ziwalo, amene amagwira ntchito mogwirizana ndi bungwe lothandiza olumala la MAP. Zotsalazo zili m'manja mwanu. Munthu wogona pamphasa yokha khungu lake limadyeka msanga, kotero muyalireni matiresi kapena mabulangete opinda, pamwamba pake pulasitiki, pamwamba pa pulasitikiyo chitenje chouma. Mutembenuzeni pakatha maola awiri alionse, ndipo pomusambitsa yang'anani zidendene, m'chiuno, pansi pa msana ndi m'mapewa. Malo amene achita kuda kapena kutentha ndi chiyambi cha chilonda, ndipo asagonerenso pamenepo. Kunjuta pa chimbudzi cha dzenje kumagwetsa nkhalamba zambiri, choncho boolani mpando wamatabwa muike ndowa pansi pake, kapena zikani mtengo wogwira m'chimbudzimo, ndipo tochi ikhale kumutu kwa pogona pamodzi ndi masikito oyalidwa bwino.

Kutentha kwa October ndi November kuno n'koopsa kwa okalamba chifukwa samva ludzu msanga, motero kapu yovundikira ya madzi othira mankhwala a kolorini ikhale pomwe dzanja lawo lifika. Akayamba kutsegula m'mimba apatseni Thanzi ORS muli kale pa ulendo wa ku chipatala, pokumbukira mmene kolera wa 2022 ndi 2023 anapwetekera boma lino. Amene mano anatha apatsidwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena usipa wosinja, futali, mazira, nthochi ndi mapapaya, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo mchere uchepe.

Chachisanu ndi chiwiri ndi chitetezo, ndipo ichi chimayambira pa matenda oiwala. Agogo ena amayamba kuiwala mayina a ana awo, kulankhula ndi anthu amene anamwalira kale, kunamizira ena kuti awabera, kapena kutuluka usiku n'kukapezeka m'mawa pakhomo pa eni ake atavula. Awa ndi matenda a ubongo, koma m'midzi mwathu munthu wotere amanenedwa kuti wagwa pa ulendo wa ufiti, ndipo akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse chifukwa sakumvetsa funsolo. Ku Neno mu January 2016 nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphezi, ndipo zotere zingathe kuchitika kulikonse kumene anthu alekerera mphekesera. Choncho musabise. Pitani nawo ku chipatala, kwa oona za matenda a maganizo, kuti vutolo lilembedwe m'buku, podziwanso kuti kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kungakhale malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kutsika kwa shuga, zomwe zimachizika. Mukabwerako kaonetseni bukulo kwa a mfumu, auzeni oyandikana nawo ndi a chitetezo cha m'mudzi kuti akawaona agogo akuyenda usiku awabweze mwaulemu, ndipo sokererani nambala ya foni pa zovala zawo. Musawamange ndi chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba okha.

Lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, chimodzimodzinso kuitana woombeza kuti adzaloze mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza ufulu wa okalamba. Mukangomva mawu oopseza, makamaka pamaliro a mwana kapena a wachinyamata, asamutseni agogo tsiku lomwelo kwa m'bale wa kutali pang'ono, ndipo kanene ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo otere, ndipo a Legal Aid Bureau amaimira pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ine ndimakhulupirira kuti pansi pa milandu yambiri ya ufiti pamakhala munda kapena malo a m'mbali mwa nyanja amene wina akufuna kugulitsa. N'chifukwa chake ndi bwino kuti agogo, nzeru zawo zikadali bwino, ayende m'malire a minda yawo pamodzi ndi a mfumu ndi mwinimbumba, ndiponso alembe wilo ya katundu wawo, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira nawo chumacho, n'kukaisungitsa ku ofesi ya DC kapena ku khoti. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo agogo aakazi amene amuna awo amwalira ayenera kuuzidwa zimenezi momveka.

Chomaliza ndi wosamalira uja munamutchula pa msonkhano woyamba. Kawirikawiri amakhala mayi amene ali kale ndi ana, munda ndi geni yake ya nsomba kapena zitumbuwa, ndipo nthawi zina amakhala mtsikana wa Sitandade 7 amene amasiyitsidwa sukulu mwakachetechete. Mwana wa sukulu athandize madzulo ndi Loweruka, koma asakhale mwini ntchitoyi. Wamkulu amene waisenza apatsidwe tsiku limodzi pa mlungu lopuma, lodziwika kwa onse, ndipo pa ndalama zotumizidwa pakhale gawo lake loti aziponya ku banki m'khonde, popeza geni yake imaima chifukwa cha ntchito ya banja lonse. Aphunzitsidwe ndi olimbitsa ziwalo kadzutsidwe ka wodwala kopinda mawondo osati msana, ndipo ponyamula agogo kuchoka pogona pazikhala anthu awiri. Mukamuona wayamba kusowa tulo, kulira payekha kapena kukalipira agogo, musathamangire kumudzudzula. Mulandireni ntchitoyo kwa milungu ingapo ndipo mupite naye ku chipatala nayenso akapimidwe. Mwinimbumba aitanitsenso msonkhano pakatha miyezi itatu iliyonse, kope la ndalama ndi buku la ku chipatala zili poyera, kuti muone ngati wosamalirayo akadali ndi mphamvu zopitiriza kapena nthawi yakwana yoti womulandira uja alowe m'malo mwake.